A Musakhudze ndi Miyala Yawo Itatu

Kuseri kwa msika, pakati pa shopu ya telala ndi kanyumba kometera tsitsi, panali benchi ya bambo wina wonola mipeni. Dzina la ubatizo anali nalo, koma linkagwira ntchito m'kaundula wa kutchalitchi mokha. Mumsewu monse ankatchedwa a Musakhudze, chifukwa mawu amenewa ndiwo anali moni wawo. Munthu akangoweramira beseni lawo la miyala, asanati n'komwe mwadzuka bwanji, yankho linkakhala litafika kale: "Musakhudze!"

Miyala yonolerayo inali itatu, ndipo inkakhala yonyikidwa m'madzi m'beseni lobiriwira. Woyamba unali wokhakhala, wa nambala 220, pakuti nambala ikamakwera m'pamene mwala umasalala. Ankautcha Mlamu, chifukwa unkadya kwambiri. Mpeni wobenthuka, kapena wobuntha ngati supuni, unkayambira pamenepo, ndipo Mlamu ankadya chitsulo mosayang'ana nkhope ya mwini. Wachiwiri unali wa nambala 1000. Umenewu unali Mphunzitsi, wokonza zimene Mlamu wasiya zili mbwee. Wachitatu, wa nambala 6000, woterera ngati sopo, unali Abusa. Unkalankhula motsitsa, unkabwera pomaliza, ndipo si mpeni uliwonse unkaonana nawo.

Vuto linali lakuti aliyense ankafuna Abusa.

"Munditsirizire pa wosalalawo," ankatero mayi wina atabweretsa mpeni wa kukhitchini.

"Mumadula chiyani, mayi?"

"Matimati, anyezi, kabichi."

"Ndiye Abusa mukuwafuniranji? Khungu la matimati limafuna mpeni wa timano tosaoneka, toti tilume. Mpeni wanu uthere pa Mphunzitsi. Abusa ndi a lezala la wometa uyu. Kapena anyezi anuwo ali ndi ndevu?"

Mayiyo ankachoka akung'ung'udza, koma mwezi wotsatira ankabweranso, atatenga ndi mipeni ya apongozi ake.

Ntchito imeneyi a Musakhudze sanaisankhe. Ali mnyamata anawatumiza kwa amalume awo kukaphunzira ukalipentala, ndipo mpando woyamba umene anakhoma unali ndi miyendo inayi yosamvana. Amalumewo anaukhalira, anadzuka pansi, anadzisasa fumbi, n'kunena kuti, "Iwe, matabwa usawakhudzenso. Uzingonola zitsulo." Ankanoladi bwino. Koma miyala ya amalume inali yokumbika pakati ngati bwato, ndipo ikafika pamenepo ankaitaya kuseri kwa nyumba kapena kutsekera chitseko. "Mwala ukakumbika wafa," ankatero amalumewo. "Amaupha ndi dzanja loipa."

Mawu amenewa a Musakhudze anawasunga ngati vesi. Ndipo apa m'pamene panagona ulemu wawo wonse, chifukwa miyala yawo sinkakumbika. Inkatha ndithu, inkapyapyala mpaka kukhala ngati bisiketi, moti Mlamu wa nthawi ya nkhani ino anali wachisanu ndi chitatu pa mzere wa alamu. Koma inkatha mofanana, ili thyathyathya. Akafuna kusangalatsa kasitomala ankatenga lula yachitsulo yoyezera, kuikhazika pamwala, n'kukweza zonse ziwiri kudzuwa.

"Mukuona kuwala kulikonse pansi pa lulayi?"

"Ayi."

"Dzanja ili," ankatero, akulitembenuza uku ndi uku. Kenako ankakumbukira kuti ndi mkhristu, n'kuwonjezera kuti, "Ndi mphatso chabe, si nzeru zanga." Kudzichepetsako kunkatha limodzi ndi mpweya umene anenera mawuwo.

Chaka china anaimirira m'tchalitchi n'kupereka umboni wa mphatso imeneyi kwa mphindi makumi awiri. Akazi awo anali atakhala ku mabenchi a amayi, maso ali m'buku la nyimbo, akukhosomola.

Mayiwo anali munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo Loweruka lililonse linkayenda mofanana. Masana bambo ankaweruka, ankabwera ndi beseni kunyumba, ankalilowetsa pansi pa tebulo la kukhitchini. Akasamba ankavala malaya oyera kuti apite kokonzekera nyimbo za kwaya, kumene ankaimba besi mwamphamvu kuposa mwaluso. Pakhomo ankatembenuka.

"Musakhudze."

"Ndamva, bambo."

Zinkatero chaka ndi chaka, mpaka mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabereka mapasa. Mayi analongedza chikwama chaching'ono n'kunena kuti akakhala milungu iwiri. Koma mapasa sawerenga kalendala. Milungu iwiri inasanduka miyezi inayi.

Mwezi woyamba a Musakhudze anavutika ndi zinthu zimene mwamuna aliyense amavutika nazo akatsala yekha: anapsereza mapoto awiri, ndipo anazindikira kuti masokosi sadzichapa. Mwezi wachitatu m'pamene zinayamba zenizeni. Wometa anadandaula kuti lezala likukoka ndevu m'malo modula. Telala anati sizasi ikutafuna nsalu. A Musakhudze anati chitsulo cha masiku ano n'chachabechabe. Kenako anati vuto ndi madzi a pampopi. Kenako anaganiza kuti ndi maso, ndipo anagula magalasi pamsika, amene anangowathandiza kuona bwinobwino kuti mipeni ikutuluka yoipa.

Lula anaisiya m'thumba. Ankaiopa.

Lachinayi lina anabwera abutchala okha, osatuma munthu. Abutchalawa ndiwo anali mzati wa benchi ija. Ankanoletsa mipeni khumi ndi iwiri kawiri pa mlungu, ndipo kumene iwo ankanoletsa n'kumene amayi a malesitilanti ndi ogulitsa nsomba ankatsatira. Anamasula nsanza, anayala mipeni pabenchi, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Akulu, ine ndi inu tinayamba kale. Ndiuzeni, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, achimwene."

"Nanga mipeni iyi? Dzulo ndimadula nyama, mpeni ukungoisisita ngati ukuipepesa. Kasitomala anandifunsa ngati ng'ombeyo inali m'bale wanga."

"Mwina nyamayo inali yokalamba."

"Chinali chiwindi, akulu."

A Musakhudze anatola mpeni umodzi n'kuyesa kukamwa kwake ndi chala.

"Tamverani," anatero abutchala. "Mlungu wamawa ndili ndi ng'ombe ziwiri za ukwati. Mipeni iyi ndidzaitenga Lolemba m'mawa. Ikadzakhala chonchi, ndikupita kwa a Mbaliwali, ndipo sindidzabweranso. Si chidani, ndi nyama."

A Mbaliwali anali bambo wa galayinda yamagetsi pa geti la msika. Ankanola mpeni mphindi imodzi, moto uli thethethe, mpeniwo n'kutuluka wotentha, wabuluu kunsonga, utachepa ngati wadwala. Kwa zaka zambiri a Musakhudze ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali, ngati munthu wodutsa pa bala ya mowa.

Abutchala atachoka, anatulutsa lula ija. Anaikhazika pa Mphunzitsi n'kukweza kudzuwa. Kuwala kunadutsa pansi pake mosaphonya, monga kumachitira pansi pa chitseko cham'mawa. Anayesa Mlamu. Pansi pa lula pakanadutsa nyerere itasenza katundu. Ngakhale Abusa anali atayamba kakhwawa. Tsopano zonse zinamveka. Pamwala wokumbika mpeni sugona mofanana. Umakwera, umatsika, ndipo kukamwa kwake kumatuluka kobulungira.

Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Linali lomwe lija, zala zisanu, chipsera pa chala chachikulu. Anakumbukira umboni uja wa mphindi makumi awiri, ndipo mtima unawauza kuti Wopatsa uja watenga mphatso yake chifukwa cha kudzitama. Lachisanu anasala kudya mpaka masana. Anayezanso miyala. Inali chikumbikirebe.

Loweruka sanapite kukwaya. Analowetsa beseni pansi pa tebulo, anatembenuka kuti anene mawu aja, koma munalibe wowauza. Anatuluka n'kukhala pa masitepe a simenti a pakhomo, chibwano chili m'manja.

Aneba awo, mayi wolankhula kwambiri amene lilime lake linkathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ankaanula zovala kuseri kwa mpanda.

"Aneba, lero kwaya yapuma?"

"Pakhosi," ananama a Musakhudze.

"Pepani. Mayi abwera liti? Tawasowa, inu. Loweruka langosanduka ngati Lachiwiri. Kale ndikangomva khwee, khwee pa sitepepo, ndinkadziwa kuti yakwana folo koloko, ndiike madzi pamoto. Pano ndimangophonya nthawi."

"Khwee wa chiyani?"

"Wa miyala yanu ija, akamaikhu..."

Mayiyo anatseka pakamwa ndi pilokesi imene inali m'manja. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi.

"Ine ndasiya mwana pamoto," anatero. "Ndikuti madzi." Ndipo analowa m'nyumba, zovala zina zikadali pachingwe.

A Musakhudze anadzuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pamene anakhala. Masitepewo anali atatu. Onse anali osalala ngati mbale, ndipo m'ming'alu munali phala louma lotuwa, lomwe lija limene linkatsala m'zala zawo akanola. Zaka zonsezi ankatama mmisiri amene anamanga masitepewo. Ankaonetsa ngakhale alendo.

Anatenga foni. Inaitana kasanu, kenako anamva mawu a akazi awo, kumbuyo kwake ana awiri akulira mosinthana.

"Mayi, ndikufunseni funso limodzi, ndipo mukumbukire kuti mawa ndi Lamulungu."

"Funsani, bambo."

"Munakhudzapo miyala yanga?"



"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudikira funso limeneli," anatero mayi. "Eya, bambo. Loweruka lililonse."

"Ndiye munkandinamiza!"

"Sindinanamepo. Inu simunafunsepo. Munkangoti musakhudze, ine n'kuti ndamva."

A Musakhudze anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa polowera. Anakhalanso pa sitepe.

"Munayamba bwanji?"

"Ndi tchimo, bambo, sindibisa. Mukukumbuka chaka choyamba, tsiku limene munandikalipira pamaso pa amayi anu chifukwa ndinasuntha beseni kuti ndikolope? Inu mutapita kukwaya ndinapsa mtima. Pa sitepe panali penti imene anadonthezera opaka chitseko. Ndinatenga Mlamu n'kukhula pentiyo ndi mkwiyo wanga wonse. Nditamaliza ndinalira, ndinkati ukwati watha. Lolemba madzulo munabwera mukuimba mluzu, mutandigulira mpango. Munati mwala unayamba kukumbika, koma mwakonza dzanja lanu ndipo wachira. Ndinayang'ana mpangowo, ndinayang'ana sitepe, ndinati Ambuye, njira zanu n'zozama."

"Nanga tsiku la umboni lija? Munandisiya ndiime pamaso pa mpingo wonse?"

"Ndinakhosomola katatu. Simunatembenuke."

"Bwanji osangondiuza kunyumba?"

"Munkasangalala, bambo. Ndipo kunolako mumanoladi bwino, zimenezo si za sitepe. Ine ndinkangoyala pogona, ogona munali inu. Kunotu ndakhala ndikupempherera ana awiri ndi miyala itatu. Ndinakuuzani pafoni mwezi watha kuti muzitsuka sitepe ndi chinthu cholimba."

"Ndinatsuka ndi burashi."

"Ndinadziwa."

A Musakhudze anawafotokozera za abutchala, za Lolemba, za a Mbaliwali. Kenako ananena mawu amene sanawanenepo chibadwire pa nkhani ya miyala.

"Ndichite bwanji?"

Mayi anapatsa mwana wawo khanda limene anali atanyamula, ndipo mawu awo anasintha. Anali mawu a munthu amene ali pantchito yake.

"Tengani khala kukhitchini. Mujambule mizere pamwamba pa Mlamu, yoimirira ndi yopingasa, ngati mawaya a pawindo. Thirani madzi pa sitepe yapansi, ndiyo yokhakhalako pang'ono. Mugoneke mwalawo chafufumimba, muziuyendetsa ngati mukulemba nambala eyiti. Musakanikize mbali imodzi. Muziutembenuza, kumutu kupite kumiyendo. Mizere ya m'mbali ifufutika msanga, musanyengeke nayo. Ya pakati ndiyo imachoka pomaliza. Ikachoka yonse, mwala wawongoka."

"Basi?"

"Ayi. Mphunzitsi apite pa sitepe yapakati. Abusa musawajambule ndi khala, adetsedwa, mugwiritse pensulo. Muwayambire pa sitepe yapamwamba, mutsirize powakhuza ndi Mphunzitsi mutamutsuka bwino. Kamchenga kamodzi ka Mlamu kakafika pa Abusa, wometa adzakutsatirani kunyumba ndi kasitomala wotuluka magazi. Mukatha, mupalepale m'mphepete monse kuti musamabenthuke. Ndipo madzi a m'beseni muwasinthe."

"Madziwo suja amakhala oyera okha, chifukwa cha..."

"Ayi, bambo."

"Chabwino."

Anavula malaya, anapinda thalauza, anagwada pakhomo pawo dzuwa likadali lotentha. Khwee, khwee. Dzenje la miyezi itatu silitha ndi pemphero lalifupi. Mizere ya m'mbali inachoka msanga monga ananenera mayi, koma ya pakati inangoti njo, ikuwayang'ana. Thukuta linkadontha kuchokera kumphuno n'kuthandizira madzi.

Aneba aja anatulukiranso pampanda, manyazi atawathera.

"Mukufulumira kwambiri, aneba. Mayi amapita mofatsa, amaimbirako nyimbo."

Telala anadutsa pa njinga, anaima, anatsitsa phazi limodzi. "Eya, mwauzidwa tsopano? Tembenuzani mwalawo, mayi amatembenuza akawerenga makumi awiri."

"Inunso mumadziwa?"

"Akulu, ine ndimadutsa pano Loweruka lililonse."

Pamene a kwaya ankabwerera kwawo, anapeza woimba besi wawo wodwala pakhosi uja atagwada pa sitepe, manja ali bii ndi makala. Mmodzi wa amayi a kwaya anangoti, "Mayi aja amayala chiguduli pa mawondo," n'kupitirira. Zinaoneka kuti m'dera lonselo munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa za miyala ya a Musakhudze.

Dzuwa likulowa, mzere womaliza wa pensulo unachoka pa Abusa. Anatenga lula, anaikhazika, anakweza. Panalibe kuwala. Anayesa yonse itatu, kawirikawiri. Kenako anafuna kuimirira, ndipo mawondo anawauza zimene mayi anakhala akumva kwa zaka zonse zija osanena.

Lamulungu sanagwire mpeni. Lolemba analawirira kubenchi mbandakucha. Mipeni iwiri yobenthuka anaiyambira pa Mlamu, yonse khumi ndi iwiri anaitsirizira pa Mphunzitsi, ndipo kampeni kosendera chikopa kokha ndiko kanakaonana ndi Abusa. Chitsulo chinkagona pamwala mofanana kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, ndipo kulira kwake kunali kuja kwakale.

Abutchala anabwera ndi chidutswa cha nyama m'pepala, chifukwa sanafune kumva za m'kamwa. Anachiika pa thabwa, anatenga mpeni waukulu, anangoutsamiritsa. Nyama inagawika yokha ngati inali itagwirizana kale. Anayesa wachiwiri, wachitatu, mpaka onse.

"Ehe! Dzanja labwerera, akulu?"

Telala anali pakhomo pa shopu yake. Wometa anali ataimitsa makina pakati pa mutu wa munthu. A Musakhudze anayang'ana dzanja lija, n'kulibisa m'thumba.

"Dzanja silinapite kulikonse, achimwene. Amene anapita ndi mayi."

Abutchala anaseka mpaka kugwira benchi. "Akazi anga anandiuza kuti ndidikire mayiwo abwere. Ndinati ine ndingadikire, koma nyama sidikira." Anakulunga mipeni yawo m'nsanza. "Lachinayi ndibweretsa ina. A Mbaliwali azinola makasu."

Lamulungu lotsatira a Musakhudze anapempha kuperekanso umboni. Uwu unatenga mphindi ziwiri zokha, ndipo amene ankakhosomola anali iwo.

Mayi anabwera patatha milungu itatu, atawonda pang'ono, chikwama chitadzaza zithunzi za mapasa. Asanalowe m'nyumba anaima pa masitepe, anawerama, anayendetsa chikhato pa sitepe yapansi.

Loweruka masana bambo anabwera ndi beseni. Sanalilowetse pansi pa tebulo. Analiika pakhomo, anabweretsa khala, pensulo ndi ziguduli ziwiri, china chawo, china cha mayi. Anapinda thalauza n'kuyamba kugwada.

"Mukutani, bambo?"

"Ndikuthandizeni. Ntchitoyi tsopano ndikuidziwa."

"Bweretsani lula yanu ija."

Anabweretsa. Mayi anaikhazika pa sitepe yapansi, pamene bambo anakhala akukhulira Mlamu milungu inayi yonse, malo amodzimodzi. Pansi pa lula panadutsa kuwala.

"Sitepe nayonso imakumbika," anatero mayi mofatsa. "Pamafunika kumayendayenda, uku lero, uko mlungu wamawa. Zaka zonsezi sinakumbikepo. Inu mwezi umodzi mwakumba chitsime."

A Musakhudze anatambasula dzanja kuti akhudze dzenjelo.

"Musakhudze," anatero mayi. "Pitani kukwaya, mwachedwa."

"Ndamva, mayi."

Anakavala malaya oyera n'kutuluka, akulumpha sitepe yapansi mosamala. Asanafike pokhota msewu anamva kumbuyo kwawo khwee, khwee, mofatsa, ndi kanyimbo kapansipansi. Kuseri kwa mpanda, aneba anaika madzi pamoto.